Masamu a Godfrey Huggins, Nduna Yaikulu ya Southern Rhodesia ndi ya Chitaganya

Mawu amene mlembi wa nthambi yathu anakamba pa msonkhano wa nthambi. Tawalemba muno kuti amene sanafike awerenge.



Komiti inatipempha kuti tikambe za munthu mmodzi wa m'mbiri ya ndale, ndipo ena anadabwa pakumva kuti tasankha Mzungu amene makolo athu sanamkonde konse. Tamsankha dala. Dzina la Welensky ngakhale mwana wa sukulu amalidziwa, pakuti Welensky anali wamkamwa ndi waukali. Koma amene anayamba kukhala pa mpando wa nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi Godfrey Huggins, dokotala wa opaleshoni, munthu wanthabwala, amene Azungu anzake anamsunga pa udindo zaka 23 zosalekeza. Ntchito yathu ndi ya choko, tsono mutikhululukire kuti nkhaniyi tiiyendetsa ndi manambala. Huggins anali katswiri wowerenga anthu. Chimene tifuna muone ndi ichi: ankawerenga ndani, ndipo ankasiya ndani?

Anabadwa mu 1883 ku Bexley, m'dziko la England. Anaphunzira pa sukulu ya Malvern, ndipo matenda a khutu amene anadwala ali mnyamata anamsiya wosamva bwino moyo wake wonse. Sitinena izi momseka iai. Kugontha kumene kunapweteka makolo athu kunali kwa mtundu wina. Udokotala anauphunzira pa chipatala cha St Thomas ku London, ndipo mu 1911 anafika ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kudzagwirizira ntchito ya madokotala ena kwa miyezi yochepa. Sanabwererenso kukakhala kwao. Pa nkhondo ya 1914 anapita kukachiza asilikali, nabwerako ali ndi mbiri ya luso pa mpeni. Luso limenelo sitimlanda. Anapitiriza kuchita opaleshoni ngakhale atakhala nduna yaikulu.

Mu 1922 Azungu a ku Southern Rhodesia anafunsidwa ngati afuna kudzilamulira okha kapena kulowa mu South Africa. Mavoti 8,774 anati kudzilamulira, 5,989 anati South Africa. Huggins anali mbali ya ofuna South Africa, ndipo mbali yakeyo inagonja. Taonani manambalawo: anthu osakwana 15,000 anagamula za dziko limene eni ake anali kuyandikira miliyoni. Iyi ndiyo sukulu ya ndale imene Huggins anaphunziramo, ndipo sanaiwale maphunziro ake.

Analowa m'nyumba ya malamulo mu 1924 ngati phungu wa Salisbury North. Nyumbayo inali ya mipando 30 yokha. Patapita zaka anasemphana ndi chipani chake pa nkhani yodula malipiro a ogwira ntchito m'boma, nawoloka kupita ku chipani cha Reform, ndipo pa chisankho cha 1933 chipanicho chinapeza mipando 16. Anakhala nduna yaikulu mu September chaka chimenecho. Chaka chisanathe anzake ena anamuukira. Iye sanataye nthawi kuwanyengerera: anapangana ndi adani ake adzulo, napanga chipani chatsopano cha United, naitanitsa chisankho china mu 1934, natenga mipando 24. Mu 1946 anatsala pang'ono kugwa kwa chipani cha Liberal, chimene dzina lake limanama, pakuti chinali cha Azungu ouma mtima koposa iye. Koma mu 1948 anabwezanso mipando 24. Pa masamu a mipando 30 panalibe womposa.

Tsono tione chimene anachita nawo mphamvuyo, pakuti apa ndi pamene nkhani ikhudza ife.

Lamulo logawa nthaka linakhazikitsidwa mu 1930, iye asanakhale mtsogoleri, koma ndiye analilera ndi kulilimbitsa. Lamulolo linapatsa Azungu, amene anali ngati 50,000, maekala pafupifupi 49 miliyoni, ndiko kunena theka la dziko, ndi nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji. Anthu akuda oposa miliyoni anasiyidwa ndi maekala osafika 30 miliyoni, ambiri a mchenga ndi a mvula yochepa. Mu 1934 boma lake linapanga lamulo la za ntchito limene linatanthauzira mawu akuti wantchito mwa njira yakuti munthu wakuda sanawerengedwemo, kotero kuti bungwe lake silinadziwike ndi lamulo, ndipo ntchito zaluso m'matauni zinasungidwira Azungu. Mu 1936 kunabwera lamulo la zitupa za m'tauni. Ngakhale chimanga chinali ndi mitengo iwiri, wa mlimi wachizungu ndi wa mlimi wakuda. Ndipo kwa zaka zambiri Huggins mwini anasunga m'manja mwake unduna woona za anthu akuda, kotero sitinganene kuti izi zinkachitika iye ali kumbali.

Nzeru yakeyi anaipatsa dzina la mapiramidi awiri. Ife tinene kuti zulu ziwiri. Chulu china n'cha Azungu, china n'cha anthu akuda, ndipo aliyense akwere pa chulu chake. Pomva zikoma. Koma yang'anitsitsani: patsinde pa chulu cha Azungu panali munthu wakuda wonyamula katundu, ndipo pansonga pa chulu cha anthu akuda panakhala Mzungu, bwana wa boma. Munthu wakuda sanali pamwamba pa chulu chilichonse.

Wina angafunse kuti, nanga ife a kuno zinatikhudza bwanji, popeza dziko lathu linali pansi pa Bwanamkubwa wa ku Zomba? Funsani m'nyumba zanu. Ndi mabanja angati pano amene alibe gogo kapena malume amene anapita ku Halale, monga ankanenera akuluakulu, ena nachona komweko? Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama inali ku mafamu a fodya ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Mu 1936 maboma atatu anapangana ku Salisbury za kayendedwe ka anthu antchito. Kunabwera magalimoto a Ulere, kenaka Mthandizi. Amuna athu anagwira chitupa ndi manja awo, anaona khomo la kumbuyo kwa sitolo, anaona anthu akusamutsidwa pa nthaka ya makolo awo. Pobwera kumudzi anabwera ndi njinga ndi bulangete, komanso anabwera ndi chidziwitso. Tsono pamene komishoni ya Lord Bledisloe inafika mu 1938 kudzafunsa ngati maiko atatuwa angaphatikizidwe, mafumu ndi mabungwe a anthu athu anakana ndi mtima umodzi, ndipo lipoti la 1939 linavomereza kuti kukanako kunali kwa ponseponse. Sanakane mwaumbuli. Anakana chinthu chimene anachiona ndi maso.

Chimene Huggins ankafuna kuyambira kale chinali dziko limodzi la ma Rhodesia awiri, lolamulidwa kuchokera ku Salisbury. Chifukwa chake n'chosabisika: migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi Zambia. Kumpotoko anapeza mnzake, Roy Welensky, woyendetsa sitima wa ku Broken Hill ndi mtsogoleri wa Azungu a pa njanji, amene ankafuna kuchotsa dzanja la London pa dziko limenelo. Boma la Britain linawauza kuti kuphatikiza kotheratu silingalole. Pamenepo anasintha dzina la katundu wawo. Mu February 1949 anakumana ku Victoria Falls nagwirizana zopempha chitaganya, ndiko kuti dziko lililonse likhale ndi boma lake koma pamwamba pakhale boma limodzi lalikulu. Pa msonkhano umenewo panalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Chaka chomwecho ku London a Dr Kamuzu Banda ndi a Harry Nkumbula analemba chikalata chotsutsa.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sitichidziwa, ndipo n'chowawa pang'ono. Huggins sanali kulira Nyasaland. Dziko lathu linalibe migodi, ndipo antchito athu ankawapeza kale popanda kutisenza. Ndi boma la Britain limene linaumirira kuti ofuna mkuwa atengenso Nyasaland, kuti katundu wa dziko losauka achoke pa mapewa a London. Tinalowetsedwa m'Chitaganya ngati basela wa pa msika. Ndipo a ku London anali ndi mantha awoawo: mu 1948 chipani cha Malan chinali chitapambana ku South Africa, ndipo ankaganiza kuti dziko lalikulu la Chingelezi kumpoto kwa Limpopo lidzatchinga tsankho la Mabunu kuti lisakwere.

Kuti katunduyu agulike ku Britain panafunika mawu okoma, ndipo zulu ziwiri zija sizikanagulika. Mawu atsopano anali partnership, ndiko kunena kugwirira ntchito pamodzi kwa mitundu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Huggins mwini ndiye amakumbukika kuti anafanizira ubale umenewu ndi wa kavalo ndi womkwera. Onse awiri apitadi ulendo umodzi, ndipo wokwera wanzeru amadyetsa kavalo wake. Koma za kumene akupita safunsana. Ndipo taonani zimene anachita m'masiku omwewo. Ku Southern Rhodesia lamulo la mavoti silinatchule khungu. Linkangofuna kuti wovota adziwe Chingelezi ndipo akhale ndi chuma chakutichakuti. Mu 1951 boma la Huggins linakweza muyesowo: malipiro a pachaka kuchoka pa mapaundi 100 kufika 240, katundu kuchoka pa mapaundi 150 kufika 500. Khomo linali lotsegula ndithu, koma anakweza chiundo chake kuti mwendo wa munthu wakuda usafikepo.

Makolo athu sanagone. Nyasaland African Congress, imene inayamba mu 1944, inakana. Nthumwi zathu zinakana kulowa m'msonkhano wa ku London wa 1952. Kumayambiriro kwa 1953 mafumu anapita okha ku London ndi pempho, ulendo umene anthu wamba anasonkhera, koma sanaloledwe kuonana ndi Mfumukazi. Ndipo mu April 1953 ku Southern Rhodesia kunachitika referendamu: mavoti 25,570 anavomera Chitaganya, 14,729 anakana. Mwa ovotawo anthu akuda sanakwane 500. Kuno ndi ku Northern Rhodesia referendamu kunalibe. Nkhani inathera m'makhonsolo opanga malamulo, ndipo m'khonsolo ya ku Zomba anthu akuda anali awiri, oikidwa ndi Bwanamkubwa. Tsono mavoti 25,570 anamanga anthu oposa 6 miliyoni.

Mtengo wake unayamba kulipidwa chaka chomwecho. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu, Philip Gomani, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma posonyeza kukana. Inachotsedwa pa ufumu ili yodwala, ndipo inamwalira mu 1954. Ku Thyolo ndi madera ena a kummwera, kumene mkwiyo wa thangata ndi wa nthaka unali kale pa moto, zipolowe za August ndi September 1953 zinatha anthu 11 ataphedwa.

Mu September 1953 Huggins anasiya mpando wa Southern Rhodesia m'manja mwa Garfield Todd, nakwera kukhala nduna yaikulu ya Chitaganya, atasunganso unduna wa za kunja ndi wa asilikali. Welensky anampatsa za mtengatenga. Likulu linali Salisbury. Tiyeni tilembe nyumba ya malamulo ya Chitaganya pa bolodi. Mipando yonse 35: Southern Rhodesia 17, Northern Rhodesia 11, Nyasaland 7, ngakhale kuti dziko lathu ndilo linali ndi anthu ochuluka. Mwa mipando 35 imeneyo, 26 inali ya osankhidwa ndi ovota amene pafupifupi onse anali Azungu, 3 ya Azungu olankhulira anthu akuda, ndipo 6 ya anthu akuda, awiri dziko lililonse. Athu anali a Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano. Gawani nokha. Mpando umodzi unaimira Azungu ngati 8,000. Mpando wa munthu wakuda unaimira anthu oposa miliyoni. Pa chisankho cha December 1953 chipani cha Federal cha Huggins chinatenga 24 mwa mipando 26 ija. Nambala ya 24 inkamkonda munthuyu.

Tinene zoona zonse, pakuti mbiri ya mbali imodzi siphunzitsa. M'zaka zoyamba za Chitaganya mtengo wa mkuwa unali pamwamba, ndipo ndalama zina zinafikadi kuno. Za umoyo zinali m'manja mwa boma la Chitaganya, ndipo chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinamangidwa m'nyengo imeneyo. Koleji ya ukachenjede ya ku Salisbury, imene inalandira chikalata chake mu 1955, inatsegulidwa kwa mitundu yonse, ndipo Huggins anaima kumbuyo kwake. Koma ife aphunzitsi pali chimene sitingachilambalale. Sukulu za ana a Azungu, Amwenye ndi makaladi zinali za boma la Chitaganya, limene linali ndi thumba lalikulu la msonkho. Sukulu za ana athu zinasiyidwa kwa maboma a maiko, a thumba laling'ono, ndi kwa amishoni. Kugawa kumeneku kunalembedwa m'malamulo oyendetsera Chitaganya. Zulu ziwiri zija zinangovala malaya atsopano.

Pa zazikulu, madzi anayenda kutsata kumene kunali mavoti. A ku Northern Rhodesia anali atakonzeka kumanga damu la magetsi pa mtsinje wa Kafue. Mu 1955 boma la Huggins linagamula kuti damu likhale pa Kariba, ndipo nyumba yoyamba ya makina inamangidwa ku gombe la Southern Rhodesia. Ngakhale Azungu a kumpoto anadandaula kuti mkuwa wawo ukumanga Salisbury. Atonga a m'chigwa cha Zambezi okwana ngati 57,000 anasamutsidwa kuti nyanja ya Kariba idzaze. Ndipo ntchito yaikulu ya chigwa cha Shire, imene inkakambidwa m'zaka zomwezo, inatsala pa mapepala.

Mukafuna kumdziwa munthu, mumveni poyankha pempho laling'ono. Mu 1954 a Dauti Yamba, phungu wa ku Northern Rhodesia, anapempha nyumba ya malamulo kuti mitundu yonse ilandiridwe mofanana m'malo a anthu onse. Positi ofesi inali ya boma la Chitaganya, ndipo inali ndi makomo awiri. Huggins anayankha kuti Azungu sangayembekezeredwe kuima pa mzere umodzi ndi anthu auve, natchula mayi wachikulire wobereka mwana wolira kumbuyo. Amayi muli pano, ameneyo ndi amene ankalalikira kugwirira ntchito pamodzi, ndipo anali dokotala amene anagwirapo ntchito pa chipatala cha ana ku London.

Mu 1955 anapatsidwa ulemu wa ku Britain nakhala Lord Malvern, dzina la sukulu yake ija. Mu 1956 anapempha kuti Chitaganya chipatsidwe ufulu wodzilamulira chokha, ndipo London inakana. Pokwiya anakumbutsa nyumba ya malamulo kuti Chitaganya chili ndi asilikali akeake, nati akuyembekeza kuti sadzawagwiritsa ntchito monga anachitira atsamunda a ku America. Mawu amenewa asungeni, tibwereranso kwa iwo. Mu November 1956 anapuma, nasiyira Welensky. Pa nthawiyo panalibe nduna yaikulu m'maiko a Commonwealth imene inakhalitsa pa mpando kuposa iye.

Anachoka akuyesa kuti nyumba yaima. Koma masamu ake anali ndi cholakwa chimodzi. Pa zaka 23 anazolowera kuti munthu wopanda voti ndi ziro, ndipo ziro ngakhale zichuluke bwanji sizisintha yankho. M'nyumba ya mipando 30 zinali zoona. M'maiko atatu, awiri a iwo ali m'chitetezo cha Britain ndi Congress yawoyawo, sizinali zoona. Chitaganya chinachita chimene atsogoleri athu anali asanathe kuchita: chinaika mfumu, mphunzitsi, kalaliki, mlimi wa fodya ndi mtchona pa nkhani imodzi. A Dr Banda anabwera pa 6 July 1958. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Armitage analengeza lamulo la nthawi ya ngozi. Asilikali a Chitaganya analowa m'dziko muno, atsogoleri anatengedwa kupita ku ndende za ku Southern Rhodesia, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa, ochuluka a tsiku limodzi ali a ku Nkhata Bay. Mwezi womwewo Lord Malvern anaimirira m'nyumba ya ma Lord ku London nanena kuti anthu akuda onse ndi abodza pokhapokha atatukuka kwambiri. Patangopita miyezi inayi, komishoni ya woweruza Devlin inapeza kuti chiwembu chopha Azungu mwaunyinji, chimene boma linatchula podzilungamitsa, chinalibe umboni, ndiponso kuti kukana Chitaganya kunali kozama ndi kwa pafupifupi munthu aliyense. Ndi zomwezo zimene Bledisloe anamva zaka 20 m'mbuyomo.

Zotsatira mukuzidziwa. Komishoni ya Monckton mu 1960 inati maiko aloledwe kutuluka. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, chitakhala zaka khumi. Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, Zambia pa 24 October.

Chomaliza cha moyo wake ndicho chimatidabwitsa ife. Azungu ovota a ku Southern Rhodesia, amene iye anawalera zaka zonsezo ndi nthaka, ntchito zosungidwa ndi voti yotchingidwa, anataya chipani cha olowa m'malo ake mu 1962 nasankha Rhodesian Front. Pogawa katundu wa Chitaganya, ndege za nkhondo ndi mbali yaikulu ya asilikali zinapita ku Southern Rhodesia. Pa 11 November 1965 Ian Smith anadzilengezera ufulu mopandukira Britain, ndiko kuchita chenicheni chimene Huggins anaopseza nacho mu 1956. Koma nkhalambayo inatsutsa. Inatsutsanso mu 1969 pamene Smith anafuna kudula Mfumukazi ndi kupanga ripabuliki. Ovota aja, amene kale ankampatsa mipando 24, sanammvere. Anamwalira ku Salisbury pa 8 May 1971, ali ndi zaka 87, m'dziko limene panalibe boma lina pa dziko lapansi lolivomereza, nkhondo ya m'tchire ili pafupi kukula. Zimbabwe anadzabadwa mu 1980.

A Tcheyamani, manambala onse tatchulawa tawalemba pa pepala lalikulu limene lili ndi komiti, kuti achinyamata amene afuna kukopera atero msonkhano ukatha. Tabweza nthawi m'manja mwanu.